Ana M'galimoto Paulendo wa ku Lilongwe

Mwana sadziwa makilomita. Mukamuuza kuti kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wopitirira makilomita 300, iye amayamba kufunsa kuti "Tafika?" musanadutse n'komwe pa Lunzu. Ine ndimaudula ulendowo pang'onopang'ono. Ndimamuuza kuti tidikire kaye mlatho wa Shire pa Zalewa, kenako Ntcheu, kenako phiri la Dedza.

Pokoma kwambiri ndi pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pomwe msewu wa M1 umatsata malire a dziko. Auzeni ana kuti nyumba zambiri za kumanzerezo zili ku Mozambique, muone mafunso awo. Pa Lizulu atsitseni awongole miyendo, apikisane kuwerenga milu ya mbatatesi ndi kabichi, koma muwagwire dzanja poti magalimoto pamenepo sachepa.

Foni sindiikonda paulendo. Maso akangokhala pamodzi pomwe thupi likumva galimoto ikukhotakhota, mwana amachita nseru mpaka kusanza. Bola ndagi ndi nthano, maso ali panja. Maswiti chepetsani, tengani nthochi ndi madzi.

Makolo anzanga, ngati n'kotheka nyamukani mbandakucha. Ana adzagona gawo lalikulu la ulendo.