Maola Awiri Kumwamba, Masiku Awiri Pansi

Munthu wochokera ku Ntaja kapena ku Ulongwe akafunsa kuti ku Joni n'kutali bwanji, yankho loona limayamba ndi funso lina lakuti mukayenda pa chiyani. Pakuti kuchoka pa bwalo la ndege la Chileka, limene mu 2024 linatchedwa dzina la Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga komweko, kukatera pa bwalo la OR Tambo pafupi ndi mzinda wa Johannesburg, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imaudya m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka chabe. Kotero kuti mkulu amene wafulumira mbandakucha kudikira minibasi pa Nselema, nadutsa pa Liwonde, amatha nthawi yochuluka asanafike pa bwalo kuposa imene adzakhale m'mwamba.

Koma anyamata athu ambiri, amene ndalama zawo zamanga nyumba zamalata m'midzi ya Balaka ndi Machinga, njira yakumwambayo amangoimvera m'makutu. Iwo amakwera basi, natulukira pa Mwanza kulowa Zobue, nawoloka Zambezi pa Tete, napyola Nyamapanda ndi Harare, kufikira ataima pa mzere wa Beitbridge miyendo itatupa, chiphaso chili m'thumba lamkati ndi kandalama kosokerera mu mpendero wa buluku. Ulendowo umaposa makilomita 1,700, ndipo masiku awiri amatha ali m'njira, penanso atatu ngati a pachipata aumitsa khosi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma ine ndiona kuti matope amenewa achulukitsa pa anthu amene mlandu wawo ndi kufuna ntchito basi.

Chimene chimandikhudza mtima koposa n'chakuti agogo a anyamata omwewa, anthu amene ena mwa iwo anali asanavalepo nsapato, anakwera ndege kalekale. Bungwe la Wenela, pofuna manja okakumba golide, linkawanyamula pa Chileka kukawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene sitima ya pamtunda inkawalandira kupita nawo kumigodi ya ku Joni. Sichinali chifundo ayi. Eni migodi anawerengera naona kuti tsiku lililonse limene mwamuna wamphamvu atha panjira ndi tsiku lotayika pansi pa nthaka.

Ndipo kunali, pa 4 Epulo 1974, ndege ya mtundu wa DC-4 imene inanyamula amuna obwerera kwawo atatsiriza nyengo yawo ya ntchito, mabokosi a zovala ndi mabulangete a akazi awo ali momwemo, inagwa itangonyamuka pa Francistown, nipsa, ndipo Amalawi oposa 70 anatsikira kulichete osaonanso utsi wa pakwawo. Ngwazi Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a kumigodi. Ntchitoyo inadzayambanso mu 1977, anthu n'kumaitchula kuti Theba, mpaka inazirala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Lero ndege za Malawi Airlines zimapita ku Johannesburg, ndipo khomo lake silitsekedwa kwa munthu aliyense. Chotseka ndi mtengo wa tikiti, umene mlimi wa nandolo wa ku Phalula sangautole pa zokolola za chaka chimodzi popanda kusiya ana ndi njala. Nchifukwa chake okwera ndegezo amakhala amalonda, a boma ndi odwala okafuna chithandizo, pamene omanga nyumba ndi osamalira maluwa m'makomo a ku Gauteng akali kukwera basi za pa Wenela mu Blantyre, pamalo pomwe agogo awo ankalembetsera maina.