Sankhani njira yolingana ndi mphamvu zanu

Ana anga, tsiku lopuma musamangolithera pakhonde. Tengani njinga, inu ndi akunyumba kwanu, mukapitidweko mphepo. Kuno ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, njira zilipo zambiri, koma si zonse zoyenera aliyense.

Ngati mwangoyamba kumene kapena muli ndi ana, tsatani msewu wa tala wopita ku Chitakale, mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Zitunda zake n'zosavuta. Ana azikhala patsogolo, kumanzere kwa msewu, inu mukuwaona.

Ozolowera apitirire pa Chitakale n'kulowera ku Muloza, kudutsa m'minda ya tiyi. Kumeneko n'kukwera n'kutsika, ndiponso mumayenda magalimoto akuluakulu a ku Mozambique. Lawirani dzuwa lisanakwere, madzi akumwa musaiwale.

Njira ya ku Phalombe yokwera pa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese, asiyireni akatswiri. Ndi yamiyala, ndipo m'dzinja imaterera. Namondwe Freddy adaononga misewu ndi milatho kumeneko mu 2023, choncho yambani mwafunsa eni dera.

Ndili pantchito ya unamwino ndidamanga mabala ambiri a anthu ogwa pamtsetse mabuleki atakana. Yesani mabuleki musananyamuke, ndipo valani chipewa choteteza mutu. Odwala BP kapena shuga, ndi amayi oyembekezera, afunse kaye kuchipatala. Mukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, tsikani pomwepo.

Abambo, uwu si mpikisano ayi. Sankhani njira poyang'ana wochepa mphamvu m'banjamo, ndipo musasiye mayi m'mbuyo. Kukankha njinga pachitunda si manyazi. Paja kuyenda awiri si mantha.