Kumanga Nyumba Yolimba pa Cisumbu

Anthu a pa cisumbu ca Chilubi, m'nyanja ya Bangweulu, adziwa kuti simenti ndi malata zifika kwao pa bwato kucokera ku Samfya, ndipo mtengo wace ukwera ndithu. Cifukwa cace nyumba yoyenera malo otere ndiyo yomangidwa ndi zinthu zopezeka pomwepo: dothi, bango ndi udzu.

Njerwa zoumika pa dzuwa sizitha nkhuni monga zoocha, motero mitengo ya pa cisumbu ipulumuka. Koma mdani wa njerwa zotere ndiye madzi. Mmisiri wanzeru ayamba wafunsa akulu pamene nyanja ilekeza ikadzala, namanga kumtunda kwace. Maziko awakweza kuti cinyontho cisakwere m'zipupa. Denga alimanga lotsetsereka kwambiri, ndi khonde lalikulu kuzungulira nyumba yonse. Pamenepo mvula itsika msanga, udzu suola, ndi zipupa sizinyowa. Udzu wofolera aumweta mu June kapena July, utauma bwino.

Cimbudzi aciika mamita 30 kapena kuposerapo kutali ndi nyanja ndi citsime, kuti banja lipewe likodzo ndi matenda a m'mimba.

Nyumba yotere ikaonongeka, mwini wace aikonza yekha, osayembekeza bwato.