Kanyenya alibe shuga, vuto ndi zomuperekeza

Dzuwa likapendeka ku Bwandilo mumzinda wa Lilongwe, makala amayaka ndipo fungo la kanyenya limaitana ngakhale wongodutsa. Ena mwa odutsawo adauzidwa kuchipatala kuti achepetse shuga ndi sitachi, kaya chifukwa cha matenda a shuga kaya kunenepa. Amameza malovu n'kupitirira, poganiza kuti nyamayo ndiye mdani.

Akuiopa pachabe. Nyama ya ng'ombe, mbuzi, nkhumba kapena nkhuku, ikawotchedwa ndi mchere ndi tsabola basi, ilibe makabohaidireti, zinthu zija zimene thupi limazisandutsa shuga wa m'magazi. Chiwindi ndicho chili nawo pang'ono, magalamu 4 kapena 5 pa magalamu 100 alionse, poti ndimo momwe chiweto chimasungira shuga wake.

Koma kanyenya sayenda yekha. Mbale ya chipisi ya pachiwaya ikangokwana magalamu 200, makabohaidireti afika kale magalamu 70 kapena kuposerapo. Wogulitsa akafunsa kuti "Ndithire sosi, bwana?" dziwani kuti supuni yaikulu imodzi ya sosi wa tomato wa m'botolo ili ndi magalamu pafupifupi 4 a shuga, ndipo ndani amathira supuni imodzi? Sosi wotsekemera wopaka nyama powotcha, amene amaichititsa kunyezimira, amaposa pamenepo. Soseji nayenso ngosadalirika, chifukwa opanga ambiri amasakanizamo ufa kapena nyenyeswa za buledi.

Chopweteka kwambiri ndi chotsitsira. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga pafupifupi magalamu 32, kapena kuti timasupuni ta tiyi 8. Bungwe la World Health Organization lidalangiza mu 2015 kuti shuga wotereyu asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, omwe kwa wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50. Mabotolo awiri, malire mwadumpha kale. Mowa nawonso uli ndi gawo lake, makamaka wamasese wopangidwa ndi chimanga.

Izi sizikutanthauza kuti nyama ingodyedwa mosaona nkhope. Galamu imodzi ya mafuta imapatsa thupi makalori 9, pomwe ya sitachi imapatsa 4, choncho wofuna kuchepetsa thupi asathamangire nthuli zonona. Mchere wothira pambali uja, wosunsamo nthuli iliyonse, umakweza kuthamanga kwa magazi. Ndipo nyama yopserera mpaka kuda siyabwino kuizolowera: moto waukulu umapanga m'nyamamo zinthu zimene ofufuza amazikayikira pa nkhani ya khansa.

Amene mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, musasiyiretu zakudya zokhutitsa musanakambirane ndi adokotala, chifukwa shuga akhoza kutsika moopsa, makamaka ngati pali mowa. Enanu, itanitsani nthuli zopanda mafuta, saladi wa kabichi ndi tomato, tsabola wa kambuzi ndi madzi akumwa. Chipisicho gawanani awiri.