Momwe nkhanza za m'banja zinafikira kukhoti

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza momwe amayi odziwa malamulo anathandizira kuti nkhanza za m'banja zizizengedwa kukhoti m'Malawi muno. Kale mayi akamenyedwa ankathamangira kwa ankhoswe, omwe kawirikawiri ankangomuuza kuti banja ndi kupirira. Apolisi enanso ankamubweza, ati za m'nyumba salowerera.

Bungwe la Women and Law in Southern Africa, lomwe kuno kwathu linkatsogozedwa ndi loya Seodi White, ndi limodzi mwa omwe analimbikira mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006.

Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi momwe lamuloli linatambasulira mawu oti "nkhanza". Sikumenya kokha ayi. Kutukwana, kuopseza, ngakhale kumana mnzako ndalama zapakhomo mwadala, zonsezi ndi nkhanza. Khoti lingathenso kulamula kuti wozunzayo atuluke m'nyumba, wozunzidwayo n'kutsalamo. Ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi yaikulu, makamaka kwa mayi wapachitengwa amene amangokhala chete poopa kupirikitsidwa. Lamuloli limatetezanso abambo, kungoti ambiri amachita manyazi kukadandaula.