Anthu a ku Vietnam m'dziko la Germany: mtundu umodzi, njira ziwiri

BERLIN – Anthu ochokera ku Vietnam amene akukhala m'dziko la Germany amalankhula chinenero chimodzi, koma sanachoke kwawo pa chifukwa chimodzi, ndipo kusiyana kumeneku kwawagawa kwa zaka zambiri.

Gulu loyamba ndi la othawa kwawo. Asilikali achikomyunizimu atalanda mzinda wa Saigon pa 30 April 1975, anthu miyandamiyanda, makamaka a kummwera, anayamba kuthawa pa mabwato a asodzi. Bungwe la UNHCR linawerenga anthu pafupifupi 800,000 amene anafika amoyo m'maiko oyandikana nawo pakati pa 1975 ndi 1995. Amene anamira kapena kuphedwa ndi zigawenga zapanyanja mulibe m'chiwerengerochi. Sitima ya Cap Anamur, imene nzika za West Germany zinatumiza mu 1979, inavuula anthu oposa 10,000. Amene anafika ku West Germany anawalola kukhazikika, anawaphunzitsa Chijeremani ndipo ana awo analowa sukulu.

Gulu lachiwiri silinathawe. Linatumizidwa ndi boma lomwelo limene anzawo ankalithawa. Potsatira pangano la mu 1980, dziko la East Germany linkalemba anthu a ku Vietnam ntchito m'mafakitale, ndipo pofika mu 1989 analipo pafupifupi 60,000. Ankagona m'nyumba zawozawo, kutali ndi eni dziko. Boma la kwawo linkatapa 12 peresenti ya malipiro awo, ndipo mayi akatenga pathupi ankauzidwa kusankha kuchotsa pathupipo kapena kubwerera kwawo.

M'mafakitale omwewo munalinso achinyamata a ku Mozambique, amene anapita pa pangano la mu 1979. Khoma la Berlin litagwa ndipo mafakitale atatsekedwa, ambiri mwa iwowa anabwezedwa kwawo, kumene amatchedwa Madgermanes, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuchita zionetsero ku Maputo kufuna ndalama zimene ankawadula.

Zikwi zambiri za a ku Vietnam zinatsala, koma popanda mapepala odalirika. Mu August 1992 gulu la anthu odana ndi alendo linayatsa nyumba imene ena mwa iwo ankakhalamo ku Rostock-Lichtenhagen, khamu likuombera m'manja. Ufulu wokhazikika anaupeza mu 1997, atavutika kale ndi malonda a m'misewu. Msika waukulu wa Dong Xuan Center, kummawa kwa Berlin, ndi chipatso cha gulu limeneli.

N'chifukwa chake dzina lakuti Việt Kiều, limene limatanthauza anthu a ku Vietnam okhala kunja, limabisa zambiri. Pa misonkhano ya mabanja amene anathawa pa bwato pamakwezedwa mbendera yachikasu ya mizere itatu yofiira, ya dziko la South Vietnam limene linatha mu 1975. Amene anabwera pa kontrakiti anakulira pansi pa mbendera yofiira ya nyenyezi yachikasu.