Nzimbe za M'dzenje: Msipu wa Ng'ombe pa Nthawi ya Chilimwe

Mwezi wa Okutobala ukafika ku chigwa cha Shire, msipu umakhala utauma ndipo ng'ombe za ku Chikwawa ndi Nsanje zimayenda mitunda italiitali kukasaka udzu. Nthiti zimayamba kuwerengeka, mkaka umachepa, ndipo mlimi amagulitsa chiweto chake pa mtengo wolira. Komatu miyezi yomweyi ndiyo yodula nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, monganso ku Nakambala m'dziko la Zambia ndi ku Triangle m'dziko la Zimbabwe. Nsonga zambiri za nzimbe zimatsala m'minda pamene ziweto zikugona ndi njala.

Chilala cha mu 2024, chomwe chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti maiko awo agwa m'ngozi, chinakumbutsa alimi kuti chakudya cha ziweto nachonso chimafuna nkhokwe. Imodzi mwa nkhokwe zotere ndi sileji, chakudya chachiwisi chomwe chimaduliridwa ndi kutsekeredwa m'dzenje momwe mpweya sulowa, kuti chisase m'malo moola.

Nzimbe zili ndi vuto lakelake. Ku Brazil, dziko lomwe limalima nzimbe zambiri kuposa lina lililonse, akatswiri anapeza kuti shuga wochuluka wa mu mzimbe amadyetsa yisiti, ndipo yisitiyo imasandutsa shugayo kukhala mowa. Umu ndi momwenso makampani a EthCo ndi PressCane amapangira ethanol kuchokera ku molasesi, koma zikachitika m'dzenje la mlimi ndiye kuti mphamvu ya chakudya yatayika. Vuto lachiwiri nlakuti nzimbe zili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, kotero ng'ombe singanenepe ndi nzimbe zokha.

Pofuna kuthana ndi mavuto awiriwa, alimi amathira feteleza wa yureya. Mlingo wake ndi magalamu 500 pa makilogalamu 100 aliwonse a nzimbe zodulidwa, ndipo amayamba kumusungunula m'madzi pang'ono kuti awazike mofanana. Yureya amafooketsa yisiti komanso amathandiza tizilombo ta m'mimba mwa ng'ombe kupanga zomanga thupi. Nsonga zokhazokha sizikhala ndi shuga wambiri, choncho izo zimafuna molasesi pang'ono kuti zisase bwino.

Dzenje likumbidwe pamalo okwera, pomwe madzi a mvula sadikha, ndipo muyalemo pepala lolimba la pulasitiki. Nzimbe zidulidwe tizidutswa ta masentimita awiri kapena kuchepera apo, pakuti zidutswa zikuluzikulu zimasiya mipata ya mpweya. Zithiridwe pang'onopang'ono, ndipo gawo lililonse litsenderedwe popondaponda kapena pogubuduza mgolo wodzaza madzi. Ndi bwino kumaliza ntchitoyi pa tsiku limodzi kapena awiri, nchifukwa chake magulu a alimi a ng'ombe za mkaka amapindula akamathandizana. Pomaliza, pepala lipindidwe pamwamba ndi kukwiriridwa ndi dothi lokwanira, ndipo kangalande kakumbidwe mozungulira.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi dzenje likhoza kutsekulidwa, ngakhale likhoza kukhala miyezi yambiri ngati mpweya ndi madzi sizinalowe. Sileji wabwino amamveka kafungo kosasa ndipo sanyanda m'manja. Amene wada, wachita chuku kapena akununkha kuola atayidwe. Tsekulani mbali imodzi yokha, tapani wokwanira tsiku limenelo, nkutsekanso, chifukwa sileji wa nzimbe sachedwa kutentha akakumana ndi mpweya.

Yureya ndi woopsa akachuluka. Ng'ombe zizolowetsedwe pang'onopang'ono kwa masabata awiri, ndipo chakudyachi chisapatsidwe kwa ana a ng'ombe oyamwa, nkhumba kapena nkhuku. Onjezerani madeya, masamba a lukina, mchere ndi madzi okwanira. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu akhalepo pamene mukuyeza yureya koyamba.

Ntchitoyi imayamba nzimbe zisanadulidwe. Alimi a ziweto akambirane msanga ndi olima nzimbe oyandikana nawo za katengedwe ka nsonga, ndipo dzenje, pepala ndi yureya zikhale zokonzeka udzu usanaume.